Mtengo wa Kugonja: Za Kulimba kwa Magemu m'Chigwa cha Shire

Munthu amene watsika zitunda za msewu wochokera ku Blantyre, nadutsa pa Thabwa, nawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, akafika pa Nchalo m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa limaswa mtengo ndipo ngakhale mbuzi zimasiya msipu kukabisala m'makhonde, adzapeza kuseri kwa magolosale kachipinda ka malata kotchinga ndi nsalu pakhomo, m'mene anyamata apanikizana pa mabenchi awiri, thukuta lili kamukamu, maso onse ali pa kanema mmodzi. Awiri okha ndiwo agwira mapadi a PlayStation, akumenya mpira. Ndipo lamulo la m'nyumbamo, limene silinalembedwe paliponse koma aliyense alidziwa, ndi lakuti wogonja apereke padi kwa wina, wopambana akhalebe.

M'menemo ndidaona mnyamata wa zaka ngati khumi ndi ziwiri, amene adali atayenda m'mawa wonse ndi chidebe cha madzi ozizira, akutambasula ndalama yofota napatsa mwini malo. Ndipo mphindi zochepa zisanathe adali atamwetsedwa zigoli zisanu ndi chimodzi ndi mkulu wina wogwira ntchito m'minda ya mizimbe. Chimene chidandikhudza si zigolizo ayi, koma nkhope yake pobweza padi, pakuti idali nkhope ya munthu amene walipira sukulu koma sadaphunzire kanthu.

Amisiri opanga magemu amakonda kugawa osewera pawiri, nati alipo osewera apo ndi apo pofuna kutayitsa nthawi, ndipo alipo ena odzipereka, amene sagona mpaka atagonjetsa chinthu chovuta. Ndipo mkangano wawo waukulu ndi wakuti gemu ilimbe motani kuti oyambawo asathawe, achiwiriwo asanyong'onyeke. Koma kugawa kotere kudabadwira m'maiko amene makina ali m'nyumba ya wosewera, magetsi sazima, ndipo kugonja sikudya ndalama. Kuno kwathu kugonja kuli ndi mtengo, ndipo ine ndiyesa kuti muyeso woona wa luso la mmisiri ndi uwu: munthu akalephera, kodi gemuyo imamubwezera chiyani m'manja?

Amisiri akale adaudziwa mtengo umenewu, chifukwa makina awo nawonso ankadya makobidi. Pamene Tomohiro Nishikado adatulutsa Space Invaders ku Japan m'chaka cha 1978, adapeza kuti adani akamachepa pa kanema makina ankapepukidwa ntchito, otsalawo nayamba kuthamanga. Iye sadachikonze chilemacho koma adachisunga, kotero kuti wosewera, pamene ali pafupi kupambana, m'pamenenso mtima umamugunda koposa. Kulimba kumeneku n'koonekera ndi maso, kopanda chinyengo. Mofananamo ndi kanjoka kaja ka Snake, kamene Nokia idaika m'mafoni ake kuyambira 1997, ndipo ambiri a ife tidakadziwira pa 3310, foni imene batire yake inkatha masiku osaifunira potchajira: njoka ikadya imatalika, ikatalika malo amachepa, ndipo chimene chimakupha pomaliza ndi mchira umene wadzikulitsira wekha. Palibe amene adafapo pa Snake nafunsa chimene chamupha.

Koma ntchito imene ndimailemekeza koposa ndi chigawo choyamba cha Super Mario Bros., imene Shigeru Miyamoto ndi anzake a ku Nintendo adatulutsa mu 1985. Taonani m'mene akuphunzitsira osalankhula. Kamunthuko kaimitsidwa kumanzere, kutsogolo kwake kuli bwalo, motero chala chimadziwa chokha kolowera. Kenaka kakubwera kamdani kamodzi, koyenda pang'onopang'ono, kamene kakakukhudza umafa pamene sunataye kalikonse, nuyambanso utadziwa kuti pafunika kudumpha. Ndipo podumphapo mutu umagunda bokosi la m'mwamba, mukutuluka bowa, amene amayenda nagunda paipi nabwerera kwa iwe pamalo povuta kumuzemba, ndipo pamene ukuyesa kuti wafa, upeza kuti wakula. M'masekondi ochepa mwana waphunzira kuyenda, kudumpha, choopa ndi chofunafuna, popanda liwu limodzi lolembedwa. Kwa mwana wa ku Tengani kapena ku Makhanga, amene chilankhulo cha pamtima pake ndi Chisena kapena Chimang'anja, ndipo malangizo a Chingerezi odzaza kanema ali ngati mpanda waminga, uphunzitsi wotere ndiwo ulemu weniweni.

Makolo athu sadali alendo pa nzeru imeneyi. Bawo, ndi maenje ake 32 ndi nkhomo zake 64, ndi masewera akuya kwambiri, oti munthu amakalamba asanawatsirize; komabe mkulu wokhala pansi pa mtengo ku Ngabu, akamasewera ndi mdzukulu wake, amayamba ndi malamulo opepuka, ndipo mwanayo akatakata molakwika amamugwira dzanja nati, "Tawerenganso, mwanawe," namulola kubweza nkhomo. Mkuluyo sabisa kuti akuchepetsa mphamvu, ndiponso sadzigonjetsa dala, pakuti adziwa kuti kupambana kopatsidwa sikukoma. Magemu a mpira a EA Sports ali nawo makwerero otere, kuchokera pa Beginner kukafika pa Legendary ndi kupitirira. Koma m'kachipinda ka pa Nchalo palibe amene amalipira kuti asewere ndi kompyuta, chotero kulimba konse kwa gemu ndi munthu amene wakhala pambali pako. Ndipo lamulo lija lakuti wopambana akhalebe, ngakhale lioneka lachilungamo, limachititsa kuti katswiri aziphunzira tsiku lonse pa ndalama za ofooka, pamene wofooka amagula mphindi zochepa za manyazi. Eni malo ena, mwa nzeru zawo, amauza katswiri kuti asankhe timu yofooka akakumana ndi mwana. Ndipo ine ndiwayesa amenewa amisiri enieni, ofanana ndi opanga Mario Kart, amene amapatsa zida zamphamvu kwa wotsalira m'mbuyo kuti mpikisano usafe usanathe.

Alipo amene amati gemu yabwino isakhale ndi chifundo, natchula Dark Souls ya 2011, imene Hidetaka Miyazaki adaipanga yopanda posankhira kupepuka, kuti onse alowere pa khomo limodzi lopapatiza. Sindiwatsutsa konse, pakuti gemu imeneyo imapha mwachilungamo, ndipo amene wapirira amadzaona yekha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha kumeneko kumafuna maola makumimakumi ndi magetsi okhazikika. Ndipo ife amene tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira muno mu Chikwawa, dziko nilitaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, tidziwa kuti munthu angathe kukhala ndi mtima wa wodzipereka koma nthawi yake n'kukhala ya wosewera apo ndi apo. N'chifukwa chake mtima wanga umatsamira ku Celeste ya 2018, gemu yokwera phiri, yolimba zedi, imene ukagwa imakubwezera pomwepo m'kuphethira kwa diso, ndipo imalola poyera kuti wofuna achepetse liwiro. Phirilo silinafupikitsidwe, chatsitsidwa ndi mtengo wa kugwa.

Chimene sindingathe kuchikhululukira ndi kulimba kochita malonda. Mayi wogulitsa nsomba zouma pa Bangula, amene amasewera Candy Crush Saga podikira ogula, ndipo wadutsa malevulo mazanamazana, sali wochepa m'luso kapena m'khama. Koma gemu imeneyi, imene kampani ya King idatulutsa mu 2012, imamupatsa miyoyo isanu, ndipo ikatha ayenera kudikira theka la ola kuti ubwerere umodzi, kapena alipire. Pamene kupambana kwatsamira pa mwayi wa m'mene timaswiti tagwera, wogonja sadziwa ngati walakwa ndi iye kapena wangofika pamene akufunidwa ndalama. Ndipo magemu ena ambiri otchedwa aulere amamuonetsa zotsatsa malonda zimene zimadya bandulo yake mwakachetechete. Indetu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mnyamata wa madzi uja ndidamupezanso patapita masiku atatu, dzuwa litapendeka. Ndalama adalibe tsiku limenelo, koma mwini malo adamulola kukhala kunsonga kwa benchi, chidebe chili pakati pa miyendo. Anzake onse ankayang'ana kanema nakuwa pa chigoli chilichonse. Iye yekha maso ake adali pansi, pa manja a mkulu wa ku mizimbe uja, ndipo zala zake zazikulu zinkayenda pa mawondo ake, kutsatira batani lililonse limene winayo ankadina.