Ndime ya malire m'pangano la 1969, kuiwerengera ku Mutare

Pangano la OAU lokhudza othawa kwawo, lomwe atsogoleri a mu Africa adasainira ku Addis Ababa mu 1969, lili ndi chiganizo chachifupi m'gawo 2, ndime 6. Chimati pa zifukwa za chitetezo, dziko lolandira othawa liyesetse momwe lingathere kuwakhazika patali ndithu ndi malire a dziko lomwe achokera. Chitetezocho sichidatchulidwe kuti n'cha yani, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

Munthu wa ku Mutare sangavutike kuyankha. Mzindawu uli pamalire penipeni: ukangodutsa pachipata cha Forbes, waponda kale Machipanda ku Mozambique. Pa 9 August 1976 asilikali a Rhodesia a gulu la Selous Scouts adavala ngati asilikali a Frelimo a ku Mozambique, magalimoto awo atapakidwanso utoto ngati a Frelimo, n'kulowa masanasana mumsasa wa Nyadzonia ku Mozambique. Adapha anthu oposa 1,000. Boma la Rhodesia la Ian Smith lidati unali msasa wa ZANLA, ankhondo a chipani cha ZANU, a ZANU adati unali wa othawa kwawo. Mu November 1977 zoterezi zidagweranso Chimoio. Msasa ukayandikana ndi kwawo kwa wothawa, amene adamuthamangitsa amamutsatira mosavuta. Ndime 6 imateteza wothawayo poyamba. Imatetezanso dziko lomwe wachokera, popeza gawo 3 limaletsa othawa kuchita zoukira dziko lililonse la m'bungwelo.

Tsono onani pomwe mtundawo ukuyezedwera. Ukuyambira kumalire a kwawo kwa wothawa. Sukuyambira pamsika wa Sakubva ku Mutare kapena m'misewu ya Harare. M'chiganizochi mulibe msasa, mulibe mpanda, mulibe chikalata chopempha kutuluka.

Msasa wa Tongogara, m'boma la Chipinge kummwera kwa Mutare, udatsegulidwa mu 1984 kuti usunge anthu a ku Mozambique othawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo. Nthawi imeneyo nkhawa ya malire inali yoona. Lero ambiri okhala kumeneko ndi ochokera ku DRC, dziko lomwe silichita malire ndi Zimbabwe n'komwe. Pakati pali Zambia yense. Mayi wa ku Kivu ku DRC atati azigulitsa tomato ku Sakubva, ndime 6 yakwaniritsidwa kale.

Chomwe chimamusunga ku Tongogara ndi pepala lina. Polowa m'pangano la United Nations la 1951, mu 1981, Zimbabwe idakana kumangidwa kwathunthu ndi gawo 26 lonena za ufulu woyenda ndi kusankha pokhala, ndipo lamulo lake la othawa kwawo la 1983 limapatsa nduna mphamvu yosankha malo oti azikhala. Mphamvuyo boma lili nayodi, sindikutsutsa. Chondipweteka n'chakuti mawu oti chitetezo akangotchulidwa, sipakhalanso wofunsa kuti choopsacho chili pati.

Ife Amalawi tidaziona mu May 2023, pomwe apolisi ndi asilikali adagwira othawa kwawo ku Lilongwe, ena n'kuwatsekera kaye kundende ya Maula, kenaka n'kuwatumiza kumsasa wa Dzaleka. Ambiri anali ochokera ku Rwanda, Burundi ndi DRC, ena ali ndi magolosale awo m'makwalala. Mwa mayiko atatuwo, palibe ngakhale limodzi lochita malire ndi Malawi.