Okonza mafoni a pamsika

Foni ikasiya kulowa moto, palibe amene amaganiza zoibweza ku China komwe idapangidwa. Timathamangira nayo kwa mnyamata wa patebulo ku Limbe kapena mumsika wa Lilongwe.

Muoneni ali pantchito. Timasikuluwu tating'ono ngati njere za mapira amatiika pamaginito kuti tisasowe. Amatenthetsa m'mbali mwa sikirini kuti guluu afewe, n'kuitsegula mwapang'onopang'ono osadula kachingwe kopyapyala ka m'kati. Foni yogwera m'madzi amaichotsa batire msanga, n'kuitsuka m'kati ndi sipiriti ndi kamswachi. Koma luso lenileni lili powotcherera polowera chaja. Timiyendo take n'tothithikana, moti dzanja likangonjenjemera, tiwiri tagwirana, ntchito yawonongeka.

Ambiri adaphunzira poonerera anzawo, ena pa YouTube. Sataya kanthu. Itel kapena Tecno yakufa amaisunga, tsiku lina sipika yake idzalankhula mufoni ina.

Anthu amenewa ndimawalemekeza kwambiri. Kafoni kosweka galasiko ndiko kamene mayi wogulitsa tomato amalandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kuimbira makasitomala ake, ndipo mwezi uno sangakwanitse kugula kena.