Amisiri Omanga Maroketi pa Kompyuta

Pali anthu amene amachezera usiku wonse akumanga roketi pa kompyuta, ndipo ine ndimawatayira kamtengo. Amachita zimenezi mu Kerbal Space Program, masewero amene kampani ya Squad ya ku Mexico inatulutsa koyamba mu 2011.

Mmisiri wotere akafuna kumanga Saturn V, roketi imene inanyamula Apollo 11 kupita kumwezi mu 1969, salekera pa maonekedwe okha. Amaonetsetsa kuti ili ndi zigawo zitatu, kuti kutalika kwake kukufika mamita pafupifupi 110, ndiponso kuti pansi pake pali mainjini asanu a F-1. Kenako amawerengera nthawi imene chigawo chilichonse chiyenera kuthothoka mafuta ake akatha. Kulemera kukangopendekera mbali imodzi, roketiyo imapidiguka m'mwamba n'kuphulika. Iye sataya mtima. Amasuntha thanki pang'ono, n'kuyesanso.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti luso limeneli limaphunzitsa ulemu. Munthu amene walephera kambirimbiri kufikitsa roketi yake kumwezi amamvetsa thukuta limene anakhetsa amene anamanga yeniyeniyo.