Kamera isaiwale wopusitsidwa

Wometa wa pamsika wa Domasi amadziwa amene akufunsira mwana wa uje, amene wamira m'ngongole, ndi amene banja lake likugwedezeka. Munthu akapereka mutu, pakamwa pamamasukanso. Gioachino Rossini anamanga sewero lake loimba, Il barbiere di Siviglia, pa munthu wotereyu. Linaonetsedwa koyamba ku Rome mu 1816, mwiniwake ali ndi zaka 23. Ine ndinalionera pa foni, lija lomwe Metropolitan Opera ya ku New York inajambula mu 2007, Peter Mattei akusewera ngati Figaro, wometayo.

Gawo limene limandigwira mtima ndi la kumeta. Dokotala Bartolo, nkhalamba yansanje, watsekera mtsikana Rosina m'nyumba pofuna kumukwatira yekha. Chibwenzi cha mtsikanayo, Almaviva, walowa monamizira kuti ndi mphunzitsi wa nyimbo. Figaro akhazika Bartolo pampando, amupaka thovu kumaso, lumo lili pakhosi, pomwe awiriwo akunong'onezana zothawa pakati pa usiku. Nkhalambayo ikati icheuke, wometa aitchinga.

Nthabwala yonse yagona pa kuona mbali ziwirizi nthawi imodzi. M'holo, diso la woonera limathamanga lokha, kwa onong'onezana, kwa wometedwa, n'kubwereranso. Pa kanema, diso ndi la wojambula. Akakopeka ndi mawu okoma a Rosina n'kusendeza kamera pankhope yake yokha, timva nyimbo yabwino koma kuseka kwafa, chifukwa wopusitsidwa watuluka m'chithunzi. Nkhope yapafupi imathandiza pa chisoni, pamene tikufuna kuona msozi. Nthabwala imafuna mpata woti wonama ndi wonamizidwa aonekere pamodzi.

Amalawi izi tinaziphunzira kwa Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi a gulu la Kwathu. Television Malawi itatsegulidwa mu 1999, awiriwa analowa m'nyumba za anthu amene kale ankangowamva mbiri. Kumbukirani chimene chinkatiswa nthiti: mawu a wolankhula ankangoyatsa moto, koma unkayaka pankhope ya mnzake, maso ali tong'o, akudikira kuti ayankhe. Kudikira kumeneko ndiye luso. Rossini ankakulemba m'nyimbo, akubwereza kachidutswa kamodzi mokweza pang'onopang'ono mpaka holo yonse iphulike. Izeki ndi Jakobo ankakuyeza ndi khutu, akumvetsera anthu kuti atsirize kuseka.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona achinyamata kuno ku Domasi akujambula zisudzo za kusukulu ndi ku tchalitchi, foni ikuthamangira aliyense wotsegula pakamwa. Sewerolo analikonza bwino, koma kanemayo amatuluka wozizira. Bwererani m'mbuyo mapazi atatu, anzanga. Gwirani foni chopingasa, isagwedezeke. Wolankhula timumva ndithu; tionetseni amene wakhala pampando, thovu lili kumaso, asakudziwa kuti amumeta kawiri.