Mwana wa ku Luchenza awerenge chiyani?

Funso lakuti ana ndi achinyamata awerenge mabuku ati m'Chichewa limayankhidwa mothamanga. Aphunzitsi amatchula a pa silabasi, makolo amatchula aja anawerenga iwo ali pasukulu, ndipo mitu imene imatuluka ndi yomweyomweyo: Nthondo, Sikusinja ndi Gwenembe, Kukula ndi Mwambo, Njala Bwana. Mabukuwa ndilibe nawo mlandu. Chimene chimanditopetsa ndi chifukwa chimene anthu amapereka, chakuti ali ndi phunziro labwino. Mwana wa zaka 12 satsegula buku kuti alangizidwe. Malangizo amawamva kale kunyumba, kutchalitchi ndi pa asembule. Chimene chimamugwira ndi nkhani komanso mmene mawu akugwera m'khutu. Ndiye tiyeni tiwayeze mabukuwa ndi muyezo umenewo, tikuganizira mwana mmodzi: wa ku Luchenza, amene mayi ake amathyola tiyi m'maesiteti a ku Thyolo, agogo ake amayankhulabe Chilhomwe, pomwe iye Chichewa chake ndi cha kummwera.

Ine ndingamuyambitse ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, la m'zaka za m'ma 1960. Muzu wake ndi nthano ya pakamwa: pachibale apita kutali kukagwira ntchito, wina asunga chuma, wina amwaza, ndipo pobwerera womwazayo apha mbale wake chifukwa cha nsanje. Mbalame ndiyo iulula chinsinsi ndi nyimbo. Mphamvu ya nkhaniyi ili pa kubwereza. Mbalame ikaimba koyamba mwana amadabwa, ikaimbanso amayamba kuyembekezera, kachitatu akuimba nawo. Wowerenga amene akuvutikabe kulumikiza maphatikizo amapumira pamenepo, chifukwa mawu obwerezedwa sawawerenganso chilembo ndi chilembo, amangowazindikira. Komanso za kuchoka kwanu kukafuna ndalama si zachilendo ku Thyolo. Alhomwe ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, nakhala m'minda ya azungu pansi pa thangata. Mwana wa kumeneko safuna womutanthauzira kuti malipiro angadanitse pachibale.

Nthondo ndi la okulirapo, a ku sekondale. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo bukuli, limene linatuluka mu 1933, linapambana mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa. Kunena mosabisa, Nthondo amakoma pamene ali woipa. Ali mnyamata wosamva, wakuba, wabodza, chinenero cha Ntara chimathamanga, anthu amayankhulana ngati anthu enieni, ndipo wowerenga amaseka kwinaku akuchita manyazi kuti akuseka. Akayamba kulowera ku ufumu ndi kutembenuka mtima, ziganizo zimavala jekete. Khutu langa limamvamo kayendedwe ka Buku Lopatulika, ndipo n'zosadabwitsa kwa mlembi wa pa mishoni. Mayeso amakonda kufunsa za mathero amenewa, koma wachinyamata amene adzalikonde bukuli adzalikonda chifukwa cha Nthondo wakuba uja, basi.

Mukapeza kope lakale la mabuku a nthawi ya Ntara, musalitaye. Mudzaonamo c pomwe lero timalemba ch, ndi bv pomwe timalemba v. Mwana akaona Acewa ndi mabvuto amazindikira yekha kuti kalembedwe ndi pangano la anthu, ndipo pangano limasintha.

Apa ndi pomwe pali nkhani yaikulu kwa ife a zinenero. Chichewa cha m'mabuku a kusukulu chinakhazikitsidwa pa kayankhulidwe ka m'chigawo chapakati. Mu 1968 chinenerochi chinalengezedwa kukhala cha dziko lonse, dzina lakuti Chinyanja n'kulowedwa m'malo ndi Chichewa. Mu 1972 kunabwera Chichewa Board, ndipo Kamuzu Banda, wa ku Kasungu, anali ndi maganizo ake olimba pa zimene ankati Chichewa chenicheni. Chitsanzo chodziwika ndi -da- ndi -na- m'nthawi yakale. Mwana wa ku Luchenza amati agogo anabwera kale kuno. Buku la kusukulu kawirikawiri limati adabwera. Otsatira -da- ali ndi mfundo, sindikana: polemba sitisonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, choncho anabwera papepala angakhale wa lero lomwe kapena wa makedzana, pomwe adabwera sasokoneza. Vuto limayamba mphunzitsi akadula -na- ndi cholembera chofiira osafotokoza chilichonse. Mwana amatolapo zoti Chichewa cha kwawo n'chokhota, ndipo amayamba kuona buku ngati mlendo wobwera kudzamudzudzula. N'chimodzimodzi ndi ŵ, amene kummwera anthu samusiyanitsa ndi w wamba. Kusiyanaku kukanakhala poyambira kucheza: kwanu mumati chiyani, bukuli likuti chiyani, nanga agogo m'Chilhomwe amati bwanji?

Kukula ndi Mwambo, la Gwengwe yemweyo, ndi nkhokwe ya mawu ndi miyambi, koma ndi buku lolangiza, ndipo mwambo wake ndi wa Achewa. Ndilabwino kuwerengera limodzi ndi wamkulu amene angati ife kuno sititero. Kumupatsa mwana yekha, afika tsamba lachisanu n'kugona. Mabuku a Willie Zingani a m'zaka za m'ma 1980, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, ali pafupi ndi moyo wa masiku ano, ndipo ndi amene ndingapatse wa Fomu 2 amene amati Chichewa n'cha agogo. Tangomverani mutu wakuti Njala Bwana. Mawu awiri okha, opanda mneni, koma mwaona kale amene waima ndi amene wagwada. Aliyense amene anaimapo pamzere wa ganyu pamaso pa kapitawo amawadziwa mawuwo.

Komabe pa mabuku onse otchukawa palibe limene mwana wathu uja angamvemo mawu a pakhomo pake. Mulibe sikelo ya masamba madzulo, mulibe belu la ku fakitale, mulibe nandolo ndi kalongonda, mulibe ng'oma ya tchopa imene imamveka anthu akasonkhana ku Chonde, pafupi pomwepa, pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe. Mulibe agogo oyamba chiganizo m'Chilhomwe n'kuchimaliza m'Chichewa. Osindikiza mabuku amatsata silabasi chifukwa ndiko kuli msika, ndipo mkonzi akaona mawu a kummwera amathamangira kuwawongola. Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ntchito yaikulu ndithu. Koma mtanthauziramawu amasunga mawu, sawayika m'kamwa mwa mtengambali. Imeneyo ndi ntchito ya alembi, ndipo mkonzi ayenera kulola mtengambali wa ku Thyolo kuyankhula ngati wa ku Thyolo, ngakhale wofotokoza nkhani atamatsata malamulo a kalembedwe.

Zimenezi zafika povuta chifukwa lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, Chichewa n'kutsala ngati phunziro limodzi mwa ambiri. Maola a Chichewa cholembedwa achepa, ndiye buku limene mwana angawerenge mwa kufuna kwake lasenza katundu wolemera kuposa kale. Kumene buku ndi limodzi ana ali khumi, monga zilili m'midzi yambiri yozungulira maesiteti, wamkulu mmodzi awerenge Sikusinja mokweza, ena onse azivomera nyimbo ya mbalame ija, ndipo akafika pa mawu achilendo aime, afunse agogo kuti kwawo ankati chiyani.