Kunenepa ndi BP: zimene kafukufuku wa MEIRU sakuyankha kwa achinyamata a ku Ngabu

Kafukufuku amene Alison Price ndi anzake a ku MEIRU anasindikiza mu 2018 m'magazini ya The Lancet Diabetes & Endocrinology ndi wofunika kwa aliyense wofufuza za kuthamanga kwa magazi m'Malawi. Pakati pa 2013 ndi 2016 anayeza anthu pafupifupi 29,000 a zaka 18 kupita m'tsogolo ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe komanso m'midzi ya ku Karonga. Mphamvu yake ili poti ofufuzawo anatsatira anthu m'makomo, sanadikire odwala kuchipatala. N'chifukwa chake anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a BP yokwera, 58 sankadziwa n'komwe.

Vuto limabwera pomasulira. Nkosavuta kuwerenga zotsatirazi ngati umboni woti BP ndi matenda a anthu onenepa a m'tauni, koma ziwerengero zake sizikunena zimenezo. Amayi a mumzinda olemera mopitirira muyezo anali 44 mwa 100, pomwe abambo akumudzi anali 9 okha. Komatu BP yokwera inapezeka mwa amayi 14 a mumzinda ndi abambo 13 akumudzi mwa 100 alionse. Nzoona kuti magulu awiriwa amasiyana zaka ndi zina zambiri, ndipo palibe akukana kuti thupi likamalemera BP imakweranso. Chimene manambalawa akuonetsa n'chakuti anthu ambiri oonda nawonso ali ndi BP yokwera.

Pa nkhani ya achinyamata kafukufukuyu ali ndi malire. Anayeza munthu aliyense pa nthawi imodzi, kotero sangaonetse zimene zimachitika mnyamata wa zaka 22 akamaonjezera makilogalamu chaka ndi chaka. Chinanso, kutsimikiza BP yokwera kumafuna kuyeza pa masiku osiyana, chifukwa 140/90 ya tsiku limodzi ikhoza kubwera ndi mantha chabe.

Nanga ku Ngabu? Chigwa cha Shire si Karonga, si Area 25. Akatswiri a madzi, monga Maurice Monjerezi, anaonetsa kale kuti madzi apansi m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, zimene aliyense womwa pa mijigo ya kumeneko amazidziwa ndi lilime. Ku Bangladesh, m'madera a m'mphepete mwa nyanja, ofufuza anapeza mgwirizano pakati pa madzi akumwa amchere ndi kukwera kwa BP. Mnyamata wogwira ganyu m'munda wa thonje kapena wodula nzimbe cha ku Nchalo amamwa madzi ochuluka kwambiri m'mwezi wa Okutobala, kutentha kukamapyola madigiri 40. Ngati madziwo ndi amchere, akumwa mchere umene funso loti “mumathira wochuluka bwanji m'ndiwo?” silingaugwire, ndipo sikelo singauone. Kutenthako nakonso kumasokoneza muyezo, poti BP ya masana imatsika nyengo yotentha. Kuyeza mu Okutobala ndi kuyeza mu Juni kungapereke mayankho osiyana pa mudzi umodzi womwewo.

Apa m'pamene kumasulira molakwika kungapweteke anthu. Makina oyezera BP akachepa, nzeru yoyamba imakhala yoyeza okalamba ndi onenepa. Amayi achitsikana amayezedwako akapita kusikelo ali oyembekezera. Mnyamata woonda, wooneka wamphamvu, alibe khomo lotere, ndipo BP siipweteka mpaka itaononga impso kapena kubweretsa sitiroko.

Wophunzira amene akufuna kubwereza ntchitoyi ku Ngabu asangokopera mafunso a ku Karonga. Atenge a zaka 18 mpaka 35, ayeze sikelo, msinkhu ndi chiuno, abwererenso tsiku lina kwa amene BP yawo yakwera, achite zimenezi nyengo ziwiri, ndipo ayeze mchere wa m'mkodzo pamodzi ndi wa pa mjigo umene banjalo limatungapo.