John Clare ndi Phiri la Zomba

Pa koleji pano munthu akatchula ndakatulo za Chingerezi zonena za chilengedwe, ambiri amathamangira kwa Wordsworth. Ine ndifuna ndiyankhulireko John Clare, mwana wa waganyu wa m'mudzi wa Helpston, amene anabadwa mu 1793 ndi kumwalira mu 1864 m'chipatala cha odwala misala ku Northampton.

Clare saona tchire ataima patali ngati mlendo. Amagwada, kupatula udzu, kuwerenga mazira m'chisa, ndi kutiuza mawanga ake. Chinthu amachitchula ndi dzina la kwao. Nkhono kwa iye ndi "pooty", ndipo John Taylor, amene anasindikiza buku lake loyamba mu 1820, ankasefa ena mwa mawu akumudzi otere. Nthawi zina Clare amachulutsa zotchula. Mu The Shepherd's Calendar (1827) muli masamba amene amakhala ngati kalembera wa mbalame ndi maluwa, munthu mpaka kuyasamula. Koma bodza mulibe.

Chimene chimaluma m'ndakatulo zake ndi nkhani ya malo. Lamulo la 1809 linagawa ndi kutchinga minda ya Helpston. Madambo odyetsera ziweto ndi njira zachidule zinasanduka za eni, ndipo mitengo imene anakula nayo inagwetsedwa. Mwana wa ku Magomero kapena ku Thyolo, amene agogo ake analima thangata pa dothi la makolo awo, safuna mphunzitsi kuti amve kulira kumeneku.

Tsono taonani ndakatulo zathu za phiri la Zomba. Nkhungu, mathithi, kamphepo kayaziyazi, basi. Timalemba ngati tafika pa galimoto kudzajambula chithunzi pa Emperor's View. Sititchula kuti paini wa pamwambapo ndi mtengo wobwera, umene atsamunda anadzala. Sititchula pumbwa kapena msuku, ngakhale mayi wotsika ndi mtolo wa nkhuni m'mbali mwa Mulunguzi. Steve Chimombo anatenga Napolo amene anagumula phirili mu 1946, ndipo Jack Mapanje anasuzumira m'dzenje la Chingwe. Awiriwo Clare akanawazindikira ngati abale.

Mu 1841 Clare anathawa m'chipatala china cha ku Epping Forest nayenda pansi mamailosi pafupifupi 80 kubwerera kwao. Njala itamugwira anadya udzu wa m'mbali mwa msewu, ndipo atafika analemba kuti unakoma ngati buledi.